Mphere zikamangobwererabe m'nyumba, fufuzani apa

Mphere ndi matenda ochizika, ndipo mankhwala ake ndi odziwika kalekale. Komabe alipo makomo omwe akhala nazo chaka chathunthu. Amapaka mankhwala, kuyabwa n'kuleka milungu iwiri kapena itatu, kenaka usiku wina mumangomva mwana akudzikanda m'bulangete, kukacha chitenje chomwe anafunda chili madontho a magazi. Mayi amabwerera kuchipatala atatopa nazo: "Adokotala, mankhwala aja anali osukuluka, mungomubaya jakisoni basi." Jakisoni wa mphere kulibe. Pamabanja ambiri otere, mukafunsitsa mumapeza kuti mankhwala anali abwinobwino, koma anapaka munthu mmodzi m'nyumba ya anthu ambiri, kapena anapaka pomwe panali zidzolo pokha, kapena anapaka kamodzi osabwerezanso.

Kuti mupeze pomwe padukira, muyenera kudziwa kaye khalidwe la kachilombo kake. Dzina lake ndi Sarcoptes scabiei, ndipo kukula kwake sikakwana theka la milimita. Kakakazi kamaboola khungu la pamwamba n'kumakumba kanjira, kakuikira mazira 2 kapena 3 pa tsiku. Mazirawo amaswa pakatha masiku 3 kapena 4, ndipo tiana timakhwima n'kuyamba kuswana pakatha masiku 10 mpaka 14. Munthu wodwala mphere wamba amakhala ndi tizilombo tochepa modabwitsa, 10 kapena 15 thupi lonse. Kuyabwa koopsa kuja kumabwera chifukwa thupi likulimbana ndi kachilomboko, mazira ake ndi zonyansa zomwe kakusiya m'khungu, ndipo thupi limatenga nthawi kuti liyambe nkhondo imeneyi. Munthu amene zamugwira koyamba amatha milungu 4 mpaka 6 osamva kanthu, chonsecho tizilombo tikuswana pakhungu pake ndipo akupatsira anzake. Amene anadwalapo kale amayamba kudzikanda pasanathe masiku 4. Kachilomboka sikauluka, sikadumpha, kamadutsa khungu likakhudzana ndi khungu kwa nthawi: kugona pamphasa imodzi, kubereka mwana kumsana, kugonana. Kakachoka pathupi la munthu sikapitirira masiku 2 kapena 3 kali moyo.

Ndani sanapake?

Funso ili ndi loyamba, ndipo nthawi zambiri yankho lake ndi lomwe limamasula nkhani yonse. Khalani pansi muwerenge aliyense amene wagona m'nyumbamo mwezi wathawu ndi theka. Amene amasowa pa mndandanda wa opaka amakhala omwewomwewo. Bambo a m'nyumba, omwe amati, "Ine sindikumva kuyabwa, ndipakirenji zonunkhazo?" Agogo, omwe amagona ndi adzukulu koma palibe amene anaganiza zowapakira. Mtsikana wolera mwana. Mphwake wa bambo amene anabwera ku holide n'kubwerera ku sukulu yogonera komweko. Ndiye pali wina amene satchulidwa n'komwe pagulu, chibwenzi cha kunja, ndipo kwa munthu wamkulu amene mphere zikumubwerera yekha m'nyumba yoti ena onse anachira, pamenepo ndi poyenera kudzifunsa moona mtima.

Munthu wosayabwidwayo akhoza kukhala kuti ali mkati mwa milungu ija yomwe thupi limakhala chete. Onse opaka amachira, tizilombo take tikuswanabe, ndipo pakatha mwezi wabwezera nyumba yonse. Choncho lamulo lake ndi limodzi: aliyense wa m'nyumbamo apake, woyabwidwa ndi wosayabwidwa yemwe, ndipo apake tsiku limodzi. Kupaka ana lero, makolo Loweruka likudzali, n'chimodzimodzi kusapaka, chifukwa masiku apakatiwo mukupatsiranabe. Ngati mankhwala omwe mwalandira sakukwanira onse, ndi bwino kudikira tsiku limodzi kapena awiri mpaka akwane, kusiyana n'kuyamba ndi theka la banja. Mukapita kuchipatala nenani chiwerengero cha anthu a m'nyumba mwanu ndi misinkhu yawo, osangoonetsa mwana amene zamuchuluka.

Chomwe chimalepheretsa ambiri kunena ndi manyazi. Kwathu kuno mphere timazitenga ngati matenda a munthu wauve, moti mayi amalolera kubisa manja a mwana m'juzi kusiyana n'kuuza aneba kuti nawonso ana awo aonedwe. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa sopo sapha kachilombo komwe kali mkati mwa khungu, ndipo munthu wosamba kawiri pa tsiku zimamugwira ndithu akagona ndi wodwala. Chimene chimafalitsa mphere ndi kuthithikana pogona. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati nthawi ina iliyonse anthu osachepera 200 miliyoni amakhala ali ndi mphere, ndipo mu 2017 linaziika pagulu la matenda a kumadera otentha omwe sakulabadiridwa mokwanira.

Zikakhala kuti banja lonse linapaka bwino koma ana amakagona kwa anzawo, kapena mphere zili m'hostelo, m'ndende, m'msasa wa anthu othawa madzi osefukira, nyumba imodzi singathane nazo payokha. Uzani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ndi aphunzitsi aakulu kuti gulu lonse lichizidwe nthawi imodzi. Ku Fiji anayesa zimenezi pa zilumba, zotsatira zake n'kutuluka mu 2015. Kumene ankachiza odwala okha ndi a m'nyumba mwawo, mphere zinatsika ndi theka patatha chaka. Kumene anapereka mapiritsi a ivermectin kwa anthu onse, zinachoka pa anthu 32 mwa 100 aliwonse kufika pa osakwana 2.

Munapaka bwanji?

Apa ndi pomwe pamalakwika kwambiri kachiwiri, ndipo sindidzudzula odwala okha, chifukwa pamzere wautali kuchipatala munthu amangopatsidwa botolo n'kuuzidwa kuti "muzikapaka". Ambiri amakapaka ngati mankhwala a chilonda, kudontheza pa kachidzolo kalikonse. Koma zidzolo zambiri zimatuluka pomwe palibe kachilombo, ndipo kachilomboko kamakhala pomwe khungu likuoneka losalala.

Mankhwala omwe ambiri timalandira ndi benzyl benzoate, omwe kuchipatala amangoti BB, amadzi oyera ngati mkaka, a mphamvu ya 25 pa 100. Enanso ndi kirimu wa permethrin wa 5 pa 100, ndi mafuta a salufa. Onsewa kapakidwe kake n'kofanana. Dulani zikhadabo. Sambani madzulo, pukutani, dikirani khungu liume ndi kuzizira. Khutchumulani botolo, kenaka pakani thupi lonse kuyambira m'khosi ndi kuseri kwa makutu mpaka kunsi kwa mapazi, osasiya mpata. Limbikirani pakati pa zala za m'manja ndi za kumapazi, pamfundo za manja, m'zigongono, m'khwapa, pamchombo, m'chiuno momwe mumadutsa lamba, kunsi kwa mawere, m'mphechepeche, pakati pa matako, ndi pakhungu la kunja kwa maliseche. Kunsi kwa zikhadabo lowetsani ndi mswachi wakale, chifukwa podzikanda tizilombo ndi mazira zimatsalira m'menemo. Kumsana musadzipake nokha, wina akupakeni. Makanda, okalamba ndi amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika apakidwenso m'mutu ndi kumaso, kupewa m'maso ndi pakamwa.

Kuchuluka kwake nakonso n'kofunika. Munthu wamkulu mmodzi amafuna mamililita pafupifupi 100 a mankhwala amadzi kapena magalamu 30 mpaka 60 a kirimu pa ulendo umodzi wopaka. Kabotolo kamodzi kogawana banja lonse, kowonjezera madzi kuti kakwanire, sikachiza aliyense.

Ndiye pali nkhani ya manja. BB amayenera kukhala pathupi maola 24, permethrin maola 8 mpaka 12, salufa mausiku atatu otsatizana. Taganizani za mayi amene wapaka BB madzulo. Asanagone wasamba m'manja kuti adye nsima, watsuka mbale, wasintha thewera. M'mamawa watunga madzi, wachapa, waphika phala. Pofika nthawi imeneyo thupi lonse lidakali ndi mankhwala kupatula manja, chonsecho tizilombo tambiri timakhala m'manja momwemo, pakati pa zala ndi pamfundo. Nthawi iliyonse mwasamba m'manja, pakaninso. Ikani botolo pafupi ndi ndowa, pamalo poti ana sangafikire. Mayi woyamwitsa atsuke mawere asanayamwitse n'kupakanso mwana akamaliza, ndipo kamwana koyamwa zala kavekedwe sokosi m'manja.

BB amawotcha, makamaka m'mphechepeche ndi pomwe padzikandidwa, ndipo ana ambiri amasambitsidwa pasanathe ola chifukwa cholira. Kwa ana amasungunulidwa, theka mankhwala theka madzi. Mwana wosakwana zaka 2, mayi woyembekezera ndi woyamwitsa asapake asanafunse achipatala, omwe nthawi zambiri amasankha permethrin kapena salufa, ndipo khanda losakwana miyezi 2 limapatsidwa salufa. Ngati khungu lili ndi zilonda za mafinya, zilondazo ziyambe kuchizidwa tsiku limodzi kapena awiri musanapake BB.

Munabwereza?

Mazira ena amapulumuka ulendo woyamba. Mukabwereza pakatha masiku 7, amakhala ataswa onse koma tiana tisanafike poikira mazira ena, ndiye mumatipeza pabwalo. Ambiri sabwereza chifukwa kuyabwa kwachepa kapena mankhwala atha. Lembani tsikulo pa kalendala, ndipo pakubwerezapo akhalenso onse a m'nyumba. Achipatala ena amauza kuti BB apakidwe masiku awiri otsatizana pa ulendo uliwonse, tsatirani zimenezo.

Mapiritsi a ivermectin nawonso amamwedwa kawiri, motalikirana masiku 7 mpaka 14, chifukwa sapha mazira. Anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Mwanza amawadziwa ndi dzina loti Mectizan, mapiritsi omwe amagawidwa polimbana ndi matenda a khungu ndi maso ofalitsidwa ndi tintchentche ta m'mitsinje. Mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu, ndipo sapatsidwa kwa mwana wosakwana makilogalamu 15 kapena mayi woyembekezera. Ivermectin wa ziweto wogulitsidwa m'mashopu a ulimi si wa anthu.

Zovala ndi zofunda

Pano anthu amathera mphamvu zambiri kuposa zofunika, ena mpaka kutentha matiresi. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, wofufuza wina, Kenneth Mellanby, ku Sheffield ku England ankagoneka anthu odzipereka m'mabedi momwe mwangodzuka odwala mphere. Pa maulendo 272, anatenga mphere anali 4 okha. Zofunda zimapatsira, koma mwa apo ndi apo.

Chofunika ndi zinthu zomwe zakhudza thupi masiku 3 apitawo: zovala, zitenje, mashiti a pabedi, mathaulo, mabulangete. M'mawa wotsatira kupaka, zichapeni m'madzi otentha kwambiri, ziyanikeni padzuwa, zisiteni ngati simbi ilipo. Makala akavuta, kapena bulangete ndi lolemera, ikani m'jumbo lalikulu, mangani pakamwa, lisiyeni masiku osachepera 3, ngakhale sabata ngati muli ndi zofunda zina. Mphasa ndi matiresi zitulutseni padzuwa. Kupopera mankhwala a tizilombo m'nyumba sikuthandiza pa mphere.

Tinachita zonse, koma kuyabwa kulipobe

Izi zisakudabwitseni. Tizilombo tikafa, mitembo yake ndi mazira zimatsalabe m'khungu mpaka khungu lakale litafundukuka, ndipo thupi limapitiriza kulimbana nazo. Kuyabwa kumatha kupitirira milungu 2 mpaka 4 munthu atachira. Timibulu tolimba tofiirira tomwe timatuluka pamaliseche a ana aamuna ndi abambo, m'khwapa ndi m'mphechepeche, timatha miyezi tisanaphwe ngakhale mulibe kachilombo kamoyo.

Choopsa apa n'chakuti munthu amaganiza kuti mphere zikadalipo n'kumapaka BB tsiku ndi tsiku. Khungu limapsa, limauma, limasweka, kuyabwa n'kuchuluka, iye n'kuonjezeranso mankhwala. Pamenepo chomwe chikumuyabwa ndi mankhwalawo. Mukamaliza maulendo awiri aja, lekani. Dzolani mafuta osanunkhira monga Vaseline, pakani calamine pomwe pakuyabwa kwambiri, ndipo usiku mapiritsi a chlorpheniramine, omwe ambiri timawadziwa kuti Piriton, amathandiza kugona. Musakhule khungu ndi chinkhupule kapena mwala.

Kusiyanitsa kwake n'kotere. Kuyabwa kotsalira kumanka kuchepa sabata ndi sabata, ndipo sipatuluka zatsopano. Mphere zamoyo zimatulutsa tizidzolo tatsopano, makamaka pakati pa zala ndi pamfundo za manja, nthawi zina n'kanjira kakang'ono kokhotakhota kosakwana sentimita, kuyabwa kumakula usiku, ndipo wina m'nyumba amayamba kudzikanda. Zikatero, kapena mwezi ukatha osasintha, bwererani kuchipatala. Nenani mankhwala omwe munapaka, chifukwa kumaiko ena, monga ku Austria, madokotala apeza kuti permethrin akulephera pa odwala ambiri pomwe BB akugwirabe ntchito, choncho kusintha mtundu wa mankhwala n'kotheka.

Timachubu ta pamsika

Funsani aliyense m'nyumba zomwe akhala akudzola. Timachubu tambiri togulitsidwa pamsika ndi m'magolosale kuti ndi ta zidzolo, komanso mafuta ena oyeretsa khungu, muli mankhwala amphamvu monga betamethasone ndi clobetasol. Werengani pachubupo. Mankhwalawa amaziziritsa kuyabwa mwachangu, munthu n'kuganiza kuti wachira, koma sapha kachilombo. Amangotontholetsa chitetezo cha pakhungu, tizilombo n'kuswana mosatekeseka, ndipo zidzolo zimasintha maonekedwe moti ngakhale dokotala amavutika kuzindikira kuti ndi mphere. Pitani nacho chubucho kuchipatala mukaonetse.

Palafini, oilo wakutha wa galimoto, mankhwala osambitsira ng'ombe ndi opopera mbewu asayandikire khungu la munthu. Amawotcha, ndipo ena amalowa m'thupi kudzera pakhungu n'kukomola mwana kapena kumupha kumene.

Gwero lobisika m'nyumba

Banja likachizidwa bwino kangapo koma mphere n'kumabwererabe mwamphamvu, yang'anani ngati pali munthu amene khungu lake lakhuthala, lili ndi mamba ndi nkhanambo zotuwa zomwe zimayoyoka, makamaka m'manja, m'mapazi, m'zigongono, m'makutu ndi m'mutu, zikhadabo n'kukhuthalanso. Uwu ndi mtundu wina wa mphere zomwezi, womwe madokotala Danielssen ndi Boeck anaufotokoza mu 1848 pa odwala khate ku Norway. Umagwira amene chitetezo chawo chafooka: amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV kapena akuwadukiza, okalamba kwambiri, opuwala ogona pamphasa, ndi omwa mankhwala otsitsa chitetezo kwa nthawi yaitali. Munthu wotere amakhala ndi tizilombo zikwizikwi, nthawi zina mamiliyoni, ndipo chodabwitsa n'choti mwina samva kuyabwa kwenikweni. Ambiri amatengedwa ngati ali ndi nthenda ina ya khungu n'kumangodzozedwa mafuta. Apa ndi pomwe zofunda, mipando ndi fumbi la m'chipinda zimapatsiradi, chifukwa kamamba kalikonse koyoyoka kali ndi tizilombo.

Mtundu umenewu suchizika ndi kupaka kawiri kunyumba. Umafuna ivermectin womwa maulendo angapo pamodzi ndi mankhwala opaka, mafuta ofewetsa nkhanambo, ndi kuyezetsa magazi. Pemphani kalata yopita ku chipatala cha boma kapena kwa madokotala a khungu ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Wodwalayo asasalidwe, koma womusamalira avale magolovesi ndipo naye achizidwe.

Mwina si mphere

Munthu akamayabwidwa yekha miyezi yambiri, amene amagona naye osamva kanthu, m'manja mwake muli mosalala, kayikirani. Nsikidzi ndi utitiri zimaluma malo oonekera n'kusiya timibulu tondondozana. Zipere zimapanga mabwalo okhala ndi m'mphepete motukuka ndipo zimafuna mankhwala ena. Tizidzolo toyabwa ta m'manja ndi m'miyendo tosiya mabanga akuda, tosamva mankhwala a mphere, nthawi zambiri timayendera limodzi ndi HIV, ndipo kuyezetsa ndi komwe kumatsegula njira ya chithandizo choyenera. Kuyabwa thupi lonse popanda zidzolo kukhoza kuchokera ku chiwindi kapena impso. Agalu ali ndi mphere zawozawo, zomwe zingakuyabwitseni masiku ochepa koma sizingaswane pamunthu, ndiye wochizidwa akhale galuyo.

Pomwe simuyenera kudikira

Khungu lokandidwa limatsegula khomo kwa mabakiteriya, makamaka Streptococcus ndi Staphylococcus. Mukaona zilonda za mafinya, nkhanambo zachikasu, zithupsa, khungu lofiira lotentha lomwe likufalikira, mwanabele kapena kutentha thupi, pakufunika mankhwala opha mabakiteriya ochokera kuchipatala, omwedwa mpaka kumaliza. Kwa khanda, kutentha thupi kapena kukana bere pamodzi ndi zilonda zotere ndi nkhani ya tsiku lomwelo.

Palinso china chomwe makolo ambiri sachilumikiza ndi mphere chifukwa chimabwera mochedwa. Pakatha milungu 3 mpaka 6 chichitikireni zilonda za mafinya, impso za mwana zikhoza kutupa. Amadzuka nkhope itafufuma makamaka kuzungulira maso, mapazi atatupa, mkodzo uli wochepa komanso wofiirira kapena wakuda, mwina akudandaula mutu. Khungu panthawiyo likhoza kukhala litapola kale. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muwauze kuti mwezi wapitawo anali ndi mphere ndi zilonda, kuti amuyeze mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi.